Jinzi ya pathupi itsala konkuno ku Joni

Mayfair, Johannesburg
Mwezi wa Juni

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndalemba papepala dala. Mawu a pa WhatsApp iwe umawamvera pa sipika uli pamjigo, ndipo nkhani ya pathupi si yoti mudzi wonse uzithirirapo ndemanga. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chafika poti ndikugona ndi chipewa. Kaya inu kumeneko, amayi ndi bondo lawo lija, agogo, ndi alamu anga?

Mndandanda uja udaujambula pafoni wafika, pamodzi ndi zithunzi zomwe wakhala ukutola pa Facebook. Ndinauwerengera m'takisi popita kuntchito, ndipo ndinaseka mpaka mayi wina wa Chizulu amene tinakhala limodzi anasuzumira kuti aone nawo. Jinzi ziwiri za amayi oyembekezera. Diresi la mchira lojambulitsira. Pilo wa mimba. Nsapato za gogoda, akuti "zazifupi pang'ono". Ndiye pansi penipeni, ndi cholembera cha mtundu wina, jekete lachikopa saizi L. Kodi pakhomopo oyembekezera alipo angati? Uwauze alamu kuti kalembedwe kawo ndimakadziwa.

Usaganize kuti ndayamba kuumira. Amadamu amene ndimawagwirira ntchito adachira chaka chatha, ndipo zonse walembazi iwo adagula, zina ziwiriziwiri. Wozichapa ndidali ine, wozisita ine, ndipo mwana atangokwanitsa miyezi ingapo, wozilongedza m'majumbo akuda ndi kuzikweza pamwamba pa wadirobu ndidali ine ndemwe. Ndiye pa nkhaniyi undimvere. Sukulu yake ndidalowa, ndipo ankandilipira.

Tiyambe ndi jinzi, poti ndi imene waiika pamwamba. Ndidaigwira ndi manja angawa. Kumiyendo ndi jinzi wamba, koma m'chiuno mulibe zipi kapena batani. Adasokereramo chinsalu chokhuthala cha lasitiki chomwe umachikoka kukwera nacho mimba yonse mpaka pansi pa mabere. Kuno mu Julayi, udzu ukamadzuka utayera ndi chisanu, chinsalu chimenecho ndi mdalitso. Koma tawerenga miyezi yako. Mimba idzafika pachimake mu Seputembala, Okutobala ndi Novembala, iwe uli pa Golomoti. A kampani ya JCM adaona Malawi yense nkudzayala mapanelo awo a magetsi a dzuwa, a mamegawati 20, pa Golomoti pomwepo mu 2022. Ukuganiza adatsata chiyani, usipa? Tikadakhala a kumtunda, ku Bembeke kapena paboma pa Dedza kumene anthu amaotha moto masanasana, bwenzi ndikuganizirako. Ife Mulungu adatiika kunsi kwa Khwekhwelere, kumene mu Okutobala ngakhale mbuzi imakana kuchoka pamthunzi wa mlambe. Mwanayo adzabadwa wowiritsa kale.

Komanso pali china chomwe atsikana a pazithunziwo sanena. Miyezi yomaliza mwana amatsamira chikhodzodzo, ndipo ulendo wa kuseri umachuluka, usana ndi usiku. Tayerekeza kuti ndi pakati pa usiku, tochi ili kukamwa, ukulimbana ndi lasitiki kuchokera pachifuwa mpaka m'mawondo, pansi pali dzenje. Nanga ku sikelo? Anamwino akati gonani apa tione mimba, wa chitenje amangomasula kamodzi basi. Iwe udzakhala ukusenda jinzi, mzere wa amayi panja ukung'ung'udza kuti m'katimo mwalowa wa ku Joni.

Diresi la mchira lija amadamu adalivala masana amodzi okha. Lidali lofiirira, lopyapyala, lotseguka kutsogolo kuti mimba ionekere, mchira wake woti anthu awiri azinyamula pambuyo. Adalipira wojambula, adalipira wodzoza nkhope, amuna awo adagwada nkupsompsona mchombo, ine ndili pambali ndagwira mchira kuti uziuluka. Chithunzi chili pakhoma, diresi lili m'jumbo. Tsono iwe ukalivalira kuti? Ukakwera nalo kabaza, mchira ukulungika m'masipoko musanafike pamsewu wa M5. Ukayenda nalo pansi, litola chisoso chonse cha m'mudzi. Ndipo agogo akangomva kuti mchombo wa mdzukulu wawo, amene anankungwi sanamulange nkomwe za chisamba, uli pa Facebook poti aliyense aziuyang'ana, mfiti ndi alaliki omwe, matenda awo a mtima adzawalemba pamutu panga. Kunotu amachita kuitana anthu, nkuphulitsa chibaluni kuti ufa wa buluu kapena wa pinki uulule ngati ali mnyamata kapena mtsikana, mwana asanabadwe. Ine ndidaombera nawo m'manja chifukwa ndili pantchito.

Pilo wa mimba ndi wamtali kuposa iwe, wopindika mbali zonse ziwiri. Atafika m'nyumba muja, abwana aamuna adasamukira kuchipinda cha alendo, poti pabedi padalibenso malo a munthu wachitatu. Atransipota amalipiritsa potengera kukula kwa katundu, ndipo ameneyu angafune mpando wakewake. Pa Beitbridge akhoza kumufunsa pasipoti. Pinda bulangete, uike pakati pa mawondo, uzigonera chammbali monga amanenera ku sikelo. Zatha.

Za gogoda sindiyankhapo.

Tsopano zomwe ndagula. Pogula ndimafunsa funso limodzi lokha: chovala ichi chidzagwirabe ntchito mwana ali kumsana? Mimba yaikulu ndi ya miyezi itatu kapena inayi, pomwe kuyamwitsa ndi mwakathithi miyezi 6, kenako nkupitiriza mpaka zaka ziwiri. Ndiye ndakupezera madiresi atatu a kotoni, otaya bwino kuyambira pansi pa chifuwa, onse a mabatani kutsogolo. Mabataniwo usawaone kuchepa. Diresi lopanda potsegulira kutsogolo, tsiku lina mwana akadzalira pakati pa Misa ku Mua, udzachita kulikwinya lonse kuchokera m'mawondo mpaka m'khosi, akwaya nkusokoneza nyimbo. Limodzi ndi lobiriwira la timaluwa toyera, lili ndi matumba m'mbali momwe mungakwane buku la kuchipatala ndi foni. Limenelo uzipita nalo ku sikelo.

Ndisakunamize kuti ndi a mushopu ya magalasi. Ndawagula ku Dunusa, mumsewu wa De Villiers kufupi ndi Park Station, kumene zovala amazikhuthulira pansi mulu ndipo aliyense amawerama kufukula. Ndi kaunjika yemweyo wa tsiku la msika pa Golomoti, kungoti kuno timakanganirana m'Chizulu. Diresi lobiriwiralo tidaligwira awiri, ine mkono uwu, mayi wina mkono uwo, ndipo adalisiya nditamulozera chithunzi chako pafoni. Anthu akakufunsa ungoti ndi a ku Joni. Bodza palibe.

Mabra ndaika awiri okha, opanda waya, okulirapo kuposa amene umavala. Sindinachulutse chifukwa mkaka ukadzabwera saizi idzasinthanso, ndiye ena tidzaona nthawi yomweyo. Makabudula amkati ndagula ku PEP, a kotoni, akuda okhaokha. Chifukwa chake udzachimvetsa sabata yoyamba ukadzachira, ndipo udzandithokoza chamumtima. Za nayiloni zonse uyambe wazisunga, kutentha kwa kwathuko zimangokutulutsa tiziphuphu. Muli nsapato zafulati zomanga ndi kalamba, zokulirapo saizi imodzi, poti mapazi amatupa madzulo. Apa ndileke kaye nthabwala: kutupa pang'ono kwa mapazi kumachitika, koma ukaona nkhope ndi manja zatupa, mutu ukuwawa kwambiri kapena maso akuchita chidima, usadikire tsiku la sikelo, usadikirenso kuti alamu abwere kudimba. Kwera chilichonse choyenda upite kuchipatala. Chimodzimodzi ukaona magazi.

Ndaikamonso juzi imodzi yotsegula kutsogolo yomwe amadamu adandipatsa. M'bandakucha kuchipatala kumazizira, ngakhale kwathu kotenthako.

Chovala chenicheni cha pathupi sindinagule kuno, chifukwa chili kale m'sutikesi mwa amayi. Chitenje chimakula limodzi ndi mimba, tsiku ndi tsiku, osapita kwa telala. Chomwecho udzayala pabedi la kuchipatala, chomwecho adzapukutira mwana, chomwecho udzafunda, udzaberekera, ndipo chikadzatha mphamvu chidzasanduka matewera. Amadamu adagula kansalu koberekera mwana kodula koopsa, kokhala ndi kabuku ka malangizo ndi vidiyo yake pa YouTube. Mwana ankalirabe. Ine nditamuponya kumbuyo ndi chitenje changa chakale chija cha mapoto, adagona nthawi yomweyo, ndipo lero amadamu amauza anzawo kuti ndili ndi mphatso yapadera.

Ndiye ndalama yomwe ikadapita ku jinzi ndi mchira ndatumiza pa Mukuru. Ugule zitenje zatsopano zitatu kapena zinayi, zokhuthala, zosasuluka. Chimodzi upite nacho kwa telala wa pakhonde pa Mtakataka akusokere diresi lotaya, umuuze asiye nsalu yambiri m'mphepete mwa msoko kuti adzalibweze mimba ikadzaphwa. Siphwa tsiku lomwelo, usadzadabwe. Zatsopanozo ndi zotulukira m'chikuta ndi zolandirira alendo. Za ntchito yeniyeni ya m'chipinda chochirira utenge zakale. Zitenje za kampeni ya 2025 zija mudalandira kuzipani zonse, wina akabwera mukuvina, mnzake akabwera mukuvinanso, nthawi yake ndi imeneyi. Nkhope zimenezo zidalonjeza kutumikira amayi ndi ana. Zipatseni mpata.

Pa ndalama yomweyo ugulenso beseni, pepala lakuda la pulasitiki loyala, lezala latsopano losatsegula, ulusi, sopo ndi mabatire a tochi. Ufunse anamwino akuuze zomwe akufuna masiku ano, uzimange pamodzi mwezi wachisanu ndi chiwiri usanathe. Ugule msanga, usasunge makwacha pansi pa mphasa. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chinthu ukaufunsa m'mawa, madzulo umapeza wakula. Yokhayo yoti usunge ndi ya mayendedwe, ndipo imeneyo upatse amayi amange pansonga ya mpango wawo. Osati alamu. Ndimawakonda, ndi munthu wolimbika, koma munthu amene akulota jekete lachikopa mu dzuwa la pa Golomoti si woti nkumusungitsa ndalama. Ntchito yawo ndi kukuperekeza ku sikelo, akhale pabenchi pakati pa azimayi, amve nawo zonse. Masiku ano amati mayi azipita maulendo 8, ndipo mankhwala a malungo ndi owonjezera magazi aja uzimwa, osawabisa kudenga. Mwezi womaliza ukakhale kuchidikiro. Novembala mvula ikayamba kumapiri, mitsinje yathu ija imadzaza osatsanzika, ndipo wakabaza sangakuwolotse pamutu.

Agogo adzakuuza kuti usamange mfundo pachitenje, usavale mkanda m'khosi, usaime pakhomo. Uzingomvera, sizikudyera ndalama, ndipo chitenje chopisira ndi chomwe chimamasuka msanga. Koma akafika pa mazira, akuti mwana adzabadwa wadazi, uvomere ndi ulemu wonse kenako ukadyere kuseri kwa nkhokwe. Ana a kuno amayi awo amadya mazira m'mawa uliwonse, ndipo tsitsi lawo ndimalipesa ndine.

Zovala za mwana ndikudziwa lamulo la amayi, sizilowa m'nyumba mwini wake asanafike. Ndiye uwauze kuti sindinagule kalikonse. Chikwama chomwe chili pansi pa bedi langa ndi nkhani ya ine ndi Mulungu, chidzakwera basi ndikadzamva kuti wachira.

Katunduyu ali m'chikwama cha mizeremizere, ndachikulunga ndi tepi ndipo ndalemba dzina la amayi mbali zonse. Mnyamata wa transipota adzera ku Tete nkulowera pa boda ya Dedza, ndiye akakuimbira foni alamu akwere akamuchingamire pa Masasa. Mutsegule iye ali pomwepo, muwerenge: madiresi atatu, mabra awiri, paketi ya makabudula, nsapato, juzi, mafuta opaka bondo a amayi, shuga wa agogo. Muli ndi masokosi a alamu, asati ndawaiwala.

Pobwerera mumupatsire mpunga wa ku Bwanje, ufa woyera pang'ono, malambe, ndi usipa wouma bwino. Usipawo muukulunge m'majumbo atatu, chifukwa ukanunkha m'basi amayamba kuudya ndi apolisi a m'njira. Upereke moni kwa amalume, kwa anankungwi ako, ndi kwa amayi a m'mphakati. Amene akufunsa kuti ndibwera liti, uwauze kuti mapepala akadali m'njira.

Ndine mkulu wako,
wa ku Joni