Gogo wa konkire avala juzi chamkati

Ku Sheffield, m'dziko la England, kuli Park Hill, chimdadada cha nyumba pafupifupi 1,000 chomwe chidatha kumangidwa mu 1961. Ambiri ankachinyoza kuti nchonyansa, koma mu 1998 boma lidachiika m'gulu la nyumba zotetezedwa. Ofuna kugwetsa adangogwira njakata.

Tsoka ilo, konkire satchinga bwino kuzizira: chisanu chikafika, ndalama zimathawira m'makoma. Kukuta kunja konse kukadabisa nkhope yomwe lamulo likuteteza. Tsono pagawo lachiwiri la ntchito yokonzanso nyumbazi, akatswiri a kampani ya Mikhail Riches adasiya njerwa zakale poonekera, zotchinga kuzizira nkuziika mkati, ngati gogo wobisa juzi kunsi kwa suti yaukwati. Mawindo adaika atsopano.

Koma makhonde a chimdadadachi, otakata moti kagalimoto ka mkaka kankadutsamo, akadali pamphepo.