Ukapuma pantchito ubweze miyendo ya eni

Pali milandu ina yoti ngakhale nyakwawa yoleza mtima chotani ikhoza kunyamula mpando wake n'kukagona, ndipo umodzi mwa milandu yotere ndi wa mayi wina wa ku Japan amene sanabadwe n'komwe koma wakanganitsa anthu zaka zoposa 30. Dzina lake ndi Major Motoko Kusanagi, wa m'nkhani ya Ghost in the Shell, imene Masamune Shirow anayamba kujambula mu 1989, kenako Mamoru Oshii n'kuisandutsa filimu ya makatuni mu 1995. Mayiyu ndi cyborg, munthu wosakanizana ndi makina, ndipo kwa iye kusakanizanako kunafika poti thupi lonse ndi la kufakitale. Chotsala cha kwa makolo ndi ubongo wotsekeredwa m'chigoba chachitsulo. Apa ndiye okonda filimuyi amatuzulirana maso. Unatsala ubongo wonse kapena kachidutswa? Anataya thupi lake ali ndi zaka zingati? Akadali munthu? Ine, amene ukatswiri wanga pa zamakina umathera pomenya wailesi khofi ikayamba kusokosa, ndalowa m'bwaloli popanda wondiitana kudzanena kuti onsewa akufunsa funso la mubutchala, loyeza nyama pasikelo, pomwe filimuyo inayala poyera funso lopweteka kuposa: thupi limenelo mwini wake ndani?

Funso la sikelolo silingathe, chifukwa eni nkhaniwo anapatsa mayiyu mbiri zambirimbiri, ngati wosewera mpira wa timu ya achinyamata amene ali ndi ziphaso zitatu zobadwira. Filimu ya 1995 sinena kanthu za ubwana wake, ndipo mwiniwakeyo amakayika ngati ubongowo ulimodi, poti palibe munthu anaonapo ubongo wake ndi maso ake. Mu 2004, Stand Alone Complex ya Kenji Kamiyama inasonyeza kuti anavulala pangozi ya ndege ali kamtsikana. Mu 2013 kunabwera Arise, n'kubwezera ngoziyo kumbuyo mpaka nthawi imene anali akadali m'mimba mwa mayi ake. Mu 2017 a ku Hollywood anati ayi, anali mtsikana wothawa kwawo amene kampani inamugwira n'kumulanda ubongo. Iliyonse mwa nkhanizi imayenda njira yakeyake, ndiye munthu wofuula kuti yoona ndi iyi ali ngati wokakamira kuti Kalulu wa m'nthano za agogo ake ndiye weniweni, wa agogo a mnzake ndi wachinyengo.

Tsono tiyeni pabwato. Mu filimu ya Oshii, imene nkhani yake ikuchitika mu 2029, Major amakonda kumira m'nyanja pa nthawi yopuma, chikhalirecho thupi lake n'lolemera moti zoyandamitsa zitakanika akhoza kutsikira pansi ngati nkhwangwa. Atavuuka, akukhala pabwato ndi mnzake Batou, wa maso onga zitsekerero za botolo uja, akumwa mowa wam'chitini. Mowawo ndi wongotaya ndalama, chifukwa m'matupi mwawo muli zipangizo zouphwanya m'kanthawi kochepa akangoitanidwa kuntchito, ndipo kwa ine tsoka loyamba la cyborg ndi limeneli, lomwe akatswiri sanalilirepo mokwanira. Koma pomwepo mayiyu akutchula chachikulu: matupi awo sangakhale opanda sevisi yapamwamba nthawi ndi nthawi, ndipo tsiku limene adzasiye ntchito ku Section 9, gulu la boma limene amagwirako, adzayenera kubweza ziwalozo kuboma, chotsala n'kukhala chochepa zedi. Aliyense amene anaonapo bwana akupuma pantchito, Lachisanu ali pa galimoto ya boma, Lolemba akukanganirana mpando wakutsogolo m'minibasi, amva nkhaniyi msanga kuposa pulofesa. Kusiyana kwake n'kwakuti bwana uja amatsala ndi miyendo yokwerera minibasiyo. M'gulu lonselo, kupatula bwana wawo, ndi Togusa, bambo wapabanja wokakamira kamfuti kake kachikale, amene thupi lake pafupifupi lonse ndi lobadwa nalo, ndiye yekhayo angakwiye n'kumenyetsa chitseko osafunsidwa kuti asiye dzanja pa kauntala.

Ndikumva kale ophunzira akung'ung'udza kuti mphawi uyu wabweretsa nkhani za ngongole m'tchalitchi. Iwo akuti mutu wa filimuyi ukunena za mzimu wokhala m'chigoba, dzina lochokera ku buku la Arthur Koestler la 1967, ndiye nkhani yake ndi ya mzimu, zachuma zikhale pambali. Ndavomera kuti mutu wanga, umene tsitsi linauthawa kalekale poona kuti mulibe chodyera, sungapikisane ndi awo. Komabe taonani bambo wotola zinyalala wa m'filimu ya Oshii. Akuyendayenda ndi lole mumzinda, akuima pa matelefoni a m'misewu, akukhulupirira kuti akusuzumira m'maganizo a mkazi wake amene akufuna kuthetsa banja n'kutenga mwana. Apolisi atamugwira akumuuza kuti sanakwatirepo, mkazi kulibe, mwana kulibe, ndipo pachithunzi chimene wakhala akuonetsa mnzake palibe mwanayo. Wina analowa mu ubongo wake ngati landilodi wokhala ndi kiyi wachiwiri n'kusintha mipando yonse. Bamboyu nyama anali nayo yokwana, sikelo ikanamupatsa malikisi onse, koma sizinamuthandize. Ndiye pali Puppet Master mwiniwake, pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Project 2501, imene inadzidzimuka m'nyanja ya mauthenga n'kuzindikira kuti ili moyo. Chinthu choyamba chimene ikupempha pamaso pa akuluakulu ndi chitetezo chonga cha othawa kwawo pa zifukwa za ndale, ndipo a Section 6, nthambi ina ya boma, amene anaipanga akuyankha potumiza anthu kukaiba usiku womwewo, poti kwa iwo ndi katundu wa ofesi amene wasochera. Ngakhale mlandu wa mzimuwo, ukausenda bwino, mkati mwake muli risiti.

Ena amabwera ndi mwambi wa Agiriki wa ngalawa ya Theseus, imene ankaisintha matabwa limodzilimodzi mpaka osatsala lakale, n'kumafunsa ngati ikadali yomweyo. Funsolo n'lokoma, koma wakabaza aliyense analiyankha kale. Njinga yake inasinthidwa tcheni, masipoko, chishalo, matayala, ngakhale felemu inawotcheredwa kawiri, ndipo iye sasowa tulo poganiza ngati ndi njinga yomwe ija. Chomusowetsa tulo n'chakuti madzulo aliwonse mwini njinga amafuna ndalama yake. Batou nayenso sanataye nthawi ndi zoyeza: mnzake atayamba kudzikayikira, anangomukumbutsa kuti anthu amamutenga ngati munthu, yankho loti agogo aliyense wodziwa umunthu akanalipereka osasiya kusenda mtedza. Chimene Batou sakanatha kuyankha ndi cha pabwato chija.

Ndipo mkangano waukulu koposa, wa filimu ya 2017, unatsimikiza zomwezi. Scarlett Johansson atapatsidwa gawo la Major, dziko linagawanika. Ena anati mayi wa ku Japan sangaseweredwe ndi mzungu, ena anati thupi la kufakitale lilibe mtundu, ndipo Oshii mwiniwake sanaone vuto. Pamwamba zimaoneka ngati akulimbirana khungu la pulasitiki, koma odandaulawo ankanena za ntchito: mpata waukulu chotere, umene sugwera kawirikawiri osewera a ku Asia ku Hollywood, wapita kwa amene ali nazo kale. Kunja kwa filimu ngati m'kati mwake, thupi la mayiyu limakhala la amene walipira.

Wina anganene kuti bambo wamkulu ndi mimba yake akutayiranji inki pa makatuni, shuga atakwera mtengo. Funso limenelo ndilibe nalo yankho, ndipo ndikupempha kuti lisafike kunyumba. Koma onani mmene Oshii anatsekera nkhani yake. Major akukwera pamwamba pa chithanki chankhondo chooneka ngati kangaude, akukoka chitseko chake ndi mphamvu zonse mpaka minofu yopangayo ikuphulika, manja n'kuthothoka. Okonda filimu amati apa akusonyeza kuti thupi alibe nalo ntchito. Kalaliki wa kusitolo ya boma akanati akuwononga katundu wosainira. Kenako akulumikizana ndi Puppet Master n'kukhala chinthu chimodzi chatsopano, asilikali akuwombera kuchokera m'mwamba, Batou akutaya mkono potchinjiriza mutu wa mnzake. Mayiyu akudzuka m'nyumba yobisika ya Batou ali m'thupi la kamtsikana, logulidwa pamsika wamdima chifukwa ndi lokhalo linapezeka. Thupi loyamba limene boma silingaitanitse ndi la pakaunjika, saizi yolakwika, ndipo ndi mmenemo akutuluka pakhomo osatsanzika bwana aliyense.

Choncho inu a sikelo pitirizani kuyeza magalamu a ubongo, sindikuletsani, mkangano umakoma ngati nyama ya pafupa. Ine chigamulo changa n'chakuti Togusa ndiye wolemera m'gulu lonselo, ndipo pambuyo pake pakubwera ine. Mawondo angawa amalira ngati chitseko cha kantini, maso amafuna nyuzi itambasulidwe kutali ngati chikwangwani, mimba inapitirira lamba osapempha chilolezo, koma palibe ofesi imene idzatumize mesenjala kudzazitenga.