Ulemu Upite kwa Bwana Kapuku

Tamunyoza mokwanira kapuku. Timamutcha mbava ya m'nkhokwe, timatentha tchire pomusaka, kenako timamupanikiza pampani n'kumugulitsa m'mphepete mwa msewu wa M1. Chonsechotu mtundu wake, umene asayansi amautcha Mastomys, udathandiza akatswiri a khansa pamene zida zawo zodula zinkawagwiritsa fuwa lamoto.

M'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba muli maselo otulutsa mahomoni, ndipo mwa apo ndi apo maselowa amasanduka zotupa zimene zambiri zimakula mwaulesi. Ulesiwo ndiwo umawasowetsa tulo ofufuza, chifukwa ukawaika m'mbale ya mu labotale maselo otere amangoti phee, osaswana. Amene adavomera kuswana, monga BON-1 a ku Galveston ku Texas, amachita liwiro loposa la chotupa chenicheni. Ena adachititsa manyazi: mu 2018 ofufuza a ku Gothenburg adapeza kuti maselo a KRJ-I, amene anthu ankayeserapo mankhwala, anali maselo oyera a m'magazi. Mbewa yachizungu ya RIP1-Tag2 nayonso idachita kuikidwa jini ya vairasi mu 1985 kuti kapamba wake adwale. Koma kapuku sadafune zonsezo. Mu 1957 Oettlé, ku Johannesburg, adalemba kuti mbewazi zimatuluka zotupa m'chifu pazokha, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti ndi za maselo a mahomoni omwewa. Ukazipatsa mankhwala a loxtidine, oletsa asidi m'chifu, homoni ya gastrin imakwera ndipo zotupa zimaoneka m'miyezi yochepa. Wantchito wokhulupirika chotere mungamupeze kuti?

Wina anena kuti chifu cha mbewa si cha munthu, ndiponso kuti chotupa cha m'chifu sichinena zonse za m'kapamba. Akunena zoona, n'chifukwa chake ofufuza masiku ano akulera timinofu ta odwala enieniwo mu labotale. Koma kapuku sadanamizirepo kuti ndi munthu, pamene KRJ-I adadyera dzina la eni kwa zaka. Wina adandaula za chimanga chimene amaba. Ndalama za chimangacho tiwerengere limodzi ndi za mabwana ena amene amakasonkhana kunyanja sabata yathunthu, kudya chambo, kulandira alawansi, n'kubwerako ndi chikalata chopempha msonkhano wina. Kapuku adadya chimanga, inde, koma zotsatira adapereka.

Tsono inu aneba amene mumayatsa tchire lonse m'chilimwe, mpaka moto kulowa m'munda mwa eni, pofuna mbewa zisanu, dziwani kuti mukukumba una wa banja lodziwika m'mabuku a zachipatala. Sindikuti musiye kudya, ndiwo n'zosowa. Koma pothira mchere muzivula chipewa.