Mpango, mbuzi ndi chinkhoswe chija

Mu Limbe nkhani simayenda wapansi, imakwera minibasi. Ya sabata ina inakwerera ku Bangwe, ndipo pofika pamsika inali itabereka kale ana. Gwero lake ndi chigamulo cha pa 28 June 2024, pamene oweruza atatu a khothi lomasulira malamulo aakulu a dziko anakana kufafaniza ndime zoletsa amuna okhaokha kugonana. Odandaula anali awiri, mzungu wa ku Netherlands ndi Mmalawi wina amene adamangidwa ku Mangochi. Khothi linati ofuna kuti lamulo lisinthe akagogode ku Nyumba ya Malamulo. Kondakitala wathu, yemwe chigamulocho sanachiwerenge monganso ine, anachifupikitsa bwino: "Ndiye kuti zaka 14 za kundende zija zikadalipo, mabwana. Sunthani kumbuyoko, anayianayi."

Mayi wina wa Mvano, atafungatira dengu la tomato, anati iwo adadziwiratu kuti zitha chonchi kuyambira tsiku la chionetsero chotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, pa 13 July 2023. "Chibadwire changa sindinaonepo zotere. Ansembe, abusa, mashehe m'mikanjo yawo, onse mumsewu umodzi ngati ana a mimba imodzi!" Adanena zoona amayiwo. Ku Blantyre kuno adatsogolera ndi Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa, amenenso adabadwira m'banja la Chisilamu ku Mangochi. Ine ndinangoganiza chamumtima kuti umodzi umene bungwe la zipembedzo la PAC lakhala likuusakasaka ndi misonkhano ya m'mahotela chiyambire 1992, anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha adaubweretsa m'mawa umodzi, osaitanidwa ngakhale kuchionetseroko.

Nditatsika ndinapita kokameta. Wometa wanga ndi Msilamu wa ku Balaka, ndipo nkhani ya umodziyo itamupeza anaseka mpaka kuzimitsa makina. "Achimwene, abale athu omwewa si aja ankabweza ana athu pageti chifukwa cha mpango?" Ankanena za ku M'manga, sukulu ya mpingo wa Anglican kwawoko, kumene mu November 2019 mkangano wa hijabu udafika pogendana, anthu n'kuvulala, mzikiti ndi nyumba za mpingo n'kuonongeka, sukulu n'kutsekedwa. Zidatengera PAC yomweyo kuti mu 2021 mbali ziwirizi zisainirane pangano lolola atsikana a Chisilamu kufunda kumutu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma. Nsalu yosakwana n'komwe mita imodzi, koma idadya zaka.

Bambo wina amene ankadikira pabenchi anati zimenezo n'zakale, Asilamu masiku ano sasalidwa. Si adalamulirapo dziko lino zaka khumi, Bakili Muluzi, kuchokera 1994 mpaka 2004? Si tchuthi cha Idi tonse timapuma nawo? Wometayo anavomera kuti tchuthicho Akhristu amachisunga mokhulupirika ndithu, kuposa Lamulungu. Kenako anakumbutsa kuti Muluzi yemweyo atapambananso mu 1999, kumpoto anthu okwiya sadakasake ofesi ya chisankho ayi, adakatentha mizikiti. Ndipo mu 2020 chikwangwani chimodzi chokha mu Blantyre, choitanira anthu kuwerenga Korani, chidautsa mapiri pachigwa mpaka chidachotsedwa, mumzinda umene zikwangwani za misonkhano ya machiritso zimachuluka kuposa za sopo.

Koma imene inaseketsa onse ndi ya mbuzi. Pa kalembera wa 2018 Asilamu adapezeka kuti ndi 13.8 pa anthu 100 alionse, komabe wometayo akuti pa nkhani ya mpeni iwo ndiye boma. Munthu amene chaka chonse amatchula mnzake kuti Mchawa mokweza mphuno, likafika tsiku la ukwati wa mwana wake amalawirira m'mamawa kukagogoda: "Pepani Shehe, mungadzatizingireko mbuzi ziwiri?" Amadziwa kuti ikazingidwa ndi wina aliyense, theka la alendo lidya nsima ndi kabichi. Shehe amabwera, amazinga, amalandira kanthuli kake. Lolemba likafika, mwana wa Sheheyo akapita kukafunsira nyumba ya lendi kwa bambo omwe aja, amamuuza kuti yalowedwa kale dzulo.

Ndinamufunsa wometayo ngati iye adapita nawo kuchionetsero chija. Anati adapita, ndithu, ndipo adayimba nawo ngakhale nyimbo za kwaya sazidziwa. Ndinati nanga zimamveka bwanji, munthu woti umadziwa kuwawa kwa kubwezedwa pageti, kukaima pageti kubweza wina? Anandipendeketsa mutu ndi zala ziwiri, mwamphamvu pang'ono kuposa masiku onse, n'kunena kuti zimenezo n'zosiyana. Munthu akakugwirira lezala pakhosi sutsutsana naye.

Pabwalo la bawo, kuseri kwa malo ogulitsira chipisi, nkhani inali itabwerera m'mbuyo pafupifupi zaka khumi ndi zisanu. Palibe amene waiwala chinkhoswe cha Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, Aunt Tiwo, mu December 2009. Anthu ankadzadza kukhothi ngati kuli mpira wa Bullets ndi Wanderers. Mu May 2010 awiriwo adalamulidwa kukaseweza zaka 14, koma pasanathe masabata awiri Bingu wa Mutharika adawakhululukira, mkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Mkulu wina pabawopo anati umenewo ndiwo umboni woti zonsezi n'za azungu. Mathanyula, anatero, makolo athu sankawadziwa.

Mnyamata wina wa kuyunivesite, wongoonerera masewerawo, anapempha kuti alankhuleko. "Madala, chimene adabwera nacho azungu ndi lamulolo. Ndime 153 ndi 156 zidalembedwa dziko lino likadali Nyasaland. Eni akewo ku England adayamba kulimasula mu 1967, ife n'kutsala tikulisamala ngati mbale ya alendo." Anawonjeza kuti aphungu athu adalikulitsanso mu 2010, kuikamo ndime yogwira akazi okhaokha, zaka zisanu, kuti pasakhale kukondera. Ndipo anafunsa, mwaulemu wake, ngati pagulupo panali amene adapitako ku Theba, kuti afotokoze za maukwati a m'makomponi a kumigodi ya ku Joni, kumene akazi sankaloledwa. Agogo ena amene nthawi zonse satopa kusimba za ku Joni anayamba kuwerenga njombwa zawo mosamala kwambiri, kawiri konse.

Namwino wina, podikira chipisi chake, ndiye anaziziritsa kuseka. Anati iye za Baibulo ndi Korani amasiyira eni ake, koma chimene amaona n'chakuti anyamata oterewa amafika kuchipatala matenda atakula kale, chifukwa amaopa kuti akaulula, nkhani ifika kwa alandilodi iwo asanafike kunyumba. Ena amabwera atamenyedwa n'kumati agwa panjinga. Wokazinga chipisiyo anafunsa ngati amawathandiza. "Nanga bala limafunsa kuti wagona ndi yani?" anatero namwinoyo, n'kupempha kuti amuwonjezere saladi.

Za boma palibe amene anatha kulongosola. Mu 2012 nduna idati apolisi aleke kumanga anthu pa milandu imeneyi, mu 2015 ina idabwereza, mu 2016 khothi ku Mzuzu lidati ayi, lamulo ndi lamulo. Wakabaza wina anati ndi ngati roboti ya pamsewu yoyaka zofiira ndi zobiriwira nthawi imodzi, umangodutsa uku ukupemphera.

Madzulo ndinakweranso minibasi yomwe ija. Mayi wa Mvano uja analimo, dengu lili gwa, atakhala mothinana ndi mtsikana wa hijabu, akugawana chinangwa chootcha. Wina kumbuyo anafunsa kuti poti mlandu watha, mashehe ndi abusa adzayendanso liti limodzi mumsewu, ndipo adzakhala akutsutsa yani. Kondakitala, thupi lonse lili kunja kwa chitseko, anayankha osacheuka: "Bola asakhale ife. Amayi, ya denguyo simunalipire."