Mmene Nyumba Imabedwera Ili Chiimire

Udobadoba wa nyumba ndi ntchito yopezera anthu pokhala, yogwiridwa ndi munthu amene nyumbayo si yake, makiyi ake alibe, ndipo kawirikawiri sanapondemo. Ku Cuamba, ku Mandimba ndi ku Ngauma, kumwera kwa chigawo cha Niassa, ntchitoyi silira ofesi kapena satifiketi. Zida zake ndi foni yojambula, mayunitsi a Movitel kapena Vodacom, ndi nkhope youma. Pa Chipwitikizi amati comissionista, odutsadutsa pa Chiponde amati dobadoba, koma mwini wake pa Facebook amadzitcha agente imobiliário, n'kuikapo chithunzi atavala tayi ya pa ukwati wa msuweni wake.

Ntchitoyi si yakale. Pa 3 February 1976 Samora Machel analengeza kuti nyumba zochititsa lendi zatengedwa ndi boma, ndipo lendi inayamba kupita ku bungwe la APIE. Masiku amenewo munthu wotsatsa nyumba ya mwini akanakafotokoza bwino kwa a Grupo Dinamizador, komiti ya chipani yoyang'anira dera. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1990: nkhondo inatha mu 1992, othawa kwawo anabwerera kuchokera ku Malawi, boma linayamba kugulitsa nyumba zake kwa okhalamo, ndipo aliyense woumba njerwa anamanga kanyumba ka dependência kuseri. Kutsatsa kunali kwa makala pakhoma, Aluga-se (yochititsa lendi) kapena Vende-se (yogulitsa), moti wofuna kuba malonda a mnzake anayenera kunyamula khomalo.

Likulu la ntchitoyi ndi Cuamba. Njanji yochokera ku Nacala imagawikana pamenepo, ina kulowera ku Entre Lagos ndi Nayuchi, ina ku Lichinga. Pali ophunzira zaulimi a Universidade Católica, ogula thonje, ndiponso aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ongosamutsidwa kumene, onse otsika basi ndi matilesi pamutu osadziwa kogona. Mandimba, yomwe inapatsidwa khonsolo yakeyake mu 2013, ili ndi akeake: ogwira ntchito pachipata cha malire, ogula fodya, ndi amalonda a mbali zonse ziwiri za malire. Ku Massangulo, likulu la Ngauma, ntchitoyi njowawa, chifukwa aliyense amadziwa mwini wa nyumba iliyonse ndi agogo ake omwe. Madobadoba akumeneko amadyera nyumba za ku Cuamba zimene sanazione.

Kuberana malonda kumayenda motere. Mwini nyumba auza dobadoba mmodzi, nthawi zambiri mphwake, kuti amupezere munthu. Mphwakeyo ajambula nyumbayo kutsogolo, kumene kulibe mng'alu, n'kuika chithunzicho pa WhatsApp ndi m'magulu a Facebook, nambala yake ili m'munsi. Dzuwa lisanalowe, dobadoba wachiwiri wachikopera, wadula nambala ija, waika yake, wawonjezera mametikali 500. Wachitatu amaba kwa wachiwiri, wachinayi kwa wachitatu, ndipo aliyense amalemba kuti nyumbayo ili m'manja mwa iye yekha. Popeza chithunzi chimafifia nthawi iliyonse chikakoperedwa, pali lamulo limene ofunafuna nyumba ayenera kuloweza: chithunzi chikamazilala, mtengo ukukwera. Nyumba yooneka bwinobwino mpaka misomali ya padenga ndiyo ili pa mtengo wa mwini wake. Yooneka mbuu, yosadziwika ngati chili pakhomocho ndi mbuzi kapena mwana, yadutsa m'manja mwa anthu asanu.

Paulendowu nyumba imakula. Tipo 2, ya zipinda ziwiri zogona, ikafika kwa dobadoba wachitatu imakhala tipo 3, chifukwa waphatikizapo khitchini. Kwa wachinayi khola la nkhunda limasanduka mogona alendo. Imasamukanso. Zachitikapo kuti nyumba yatsatsidwa kuti ili ku Mandimba, pafupi ndi chipata, pamene kumbuyo kwake kukuoneka phiri la Mitucué, limene chilengedwere silinachokepo ku Cuamba. Mawu otsatsira nawo ali ndi kawerengedwe kake. "Madzi ali pafupi" ndiye kuti aneba ali ndi chitsime ndi galu. "Magetsi a Credelec alipo" ndiye kuti waya amadutsa pamwamba pa denga popita kwa anthu ena. "Pafupi ndi msewu wa N13" ndi zoona ndithu, pakuti msewuwo unachokera ku Nampula mpaka ku Lichinga, ndipo palibe nyumba m'maboma atatuwa imene singadzitame nawo.

Madobadoba ayesa kudziteteza. Ena amalemba nambala yawo pakati penipeni pa chithunzi, koma wakuba amamatapo kachithunzi ka mtima kapena ka moto. Wina anaganiza mozama, n'kumaima yekha pakhomo pojambula, manja m'thumba, kuti dziko lidziwe mwini malonda. Anzake anachitsatsa chomwecho, n'kulemba kuti nyumbayo ili ndi mlonda kale.

Phindu lenileni la ntchitoyi silichokera ku nyumba yopezeka ayi. Limachokera ku ndalama yoonera, imene amati itumizidwe pa M-Pesa kapena e-Mola munthu asanadzuke pampando, kuphatikizapo ya njinga yamoto ya anthu awiri, kupita ndi kubwera. Ku Mandimba amalandira ndi makwacha omwe, pa mtengo wosinthira umene dobadoba walota usiku umenewo. Nyumba ikapezeka yatengedwa kale, yoonera sibwezedwa, chifukwa kuona munthu waona.

Mapuloti ali ndi nkhani yawoyawo. Malamulo a dziko la Mozambique amati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Lamulo la malo la nambala 19/97, la mu 1997, limapatsa munthu ufulu wogwiritsa ntchito malo, wotchedwa DUAT, ndipo chogulitsidwa ndi zimene wamangapo kapena kubzalapo. Dobadoba amalemekeza lamuloli kwambiri. Sagulitsa malo, amagulitsa mtengo wa mango umodzi ndi njerwa 40, malowo amangotsatira. N'chifukwa chake m'chigawo chimene mango amawolera pansi mwezi wa December muli mitengo ya mango yodula kuposa galimoto, ndipo umodzi womwewo umatha kukhala ndi ogula atatu, aliyense ndi kapepala kake.

Chitsanzo chodziwika bwino pa ntchitoyi ndi cha mlembi wa nkhani ino, bambo wa lendi ku Cuamba, amene panthawiyo anali atatsalira pang'ono pa malipiro, monga amachitira anthu oganiza kwambiri. Usiku wina anaona pagulu la WhatsApp nyumba yokongola: chitseko chabuluu, khonde lotakasuka, tipo 3, mametikali 4,500 pamwezi. Iye ankalipira 3,000, akalipira. Mtima unamuuza kuti munthu wa msinkhu wake sayenera kukalambira m'kanyumba kothontha. Sanauze mkazi wake, poti nkhani zikuluzikulu amayi amazisokoneza ndi mafunso. Anatumiza yoonera.

M'mawa anakumana ndi dobadoba kusiteshoni, n'kukwerana panjinga yamoto. Njira inali yodziwika. Anadutsa pachigayo pamene mlembiyo ali ndi ngongole, anakhota pagolosale pamene ali ndi ngongole ina, mlembiyo n'kumayamikira mumtima kuti sadzavutika kuzolowera dera. Njinga inaima pachitseko chabuluu. Pachingwe panali buluku la chigamba kumbuyo, limene mlembiyo analizindikira chifukwa chigambacho anasoka yekha.

"Achimwene, mkati sitilowa lero," anatero dobadoba motsitsa mawu. "Muli kamunthu kena kosalipira, kongokhalira kulembalemba. Koma musade nkhawa, mwezi uno katuluka."

Mlembiyo, pokhala munthu wofufuza, anafunsa ngati kamunthuko kangakhale ndi zifukwa zomveka. Dobadoba anati kalibe, n'kaulesi chabe, ndipo amene amamvetsa chisoni ndi mayi wa m'nyumbamo. Apa n'kuti mayi wa m'nyumbamo atatuluka ndi beseni la mbale, n'kuyang'ana mwamuna wake ali chikhalire pakati pa woyendetsa njinga ndi dobadoba. Anafunsa funso limodzi lokha: "Bambo a mwana, ya ndiwo ija mwati mulibe, njingayi mwakwera ndi chiyani?"

Mlandu usanayankhidwe, panafika njinga zina ziwiri. Ina inanyamula namwino wochokera ku Lichinga, amene anauzidwa 5,000. Ina wapolisi wosamutsidwa kuchokera ku Mandimba, amene anauzidwa 5,500 chifukwa nyumba yake inali ya zipinda zinayi. Madobadoba atatuwo anagwirana m'makolala, aliyense akutcha mnzake mbava. Mwini nyumba, gogo wopuma pantchito ya njanji, anabwera ataitanidwa ndi phokoso, ndipo ndiye anali womaliza kumva kuti nyumba yake ili pamsika. Iye sanatume munthu. Anangodandaulako pabawo kuti walendi wake akuvuta, osadziwa kuti mwa oonerera bawo munali makutu a ntchito.

Milandu yotere imapita kwa secretário do bairro, mkulu wa dera, ndipo imavuta kuweruza, chifukwa wodandaula amayenera kuonetsa chimene waberedwa. Pangano lolemba ndi mwini nyumba palibe amene anali nalo. Chotsala chinali chithunzi, choncho a secretário analamula kuti mafoni aikidwe patebulo, chitsatidwe kumene chinachokera. Wachitatu anatenga kwa wachiwiri, wachiwiri kwa woyamba, woyambayo kwa mnyamata wa ku Massangulo, ndipo wa ku Massangulo, ataimbiridwa foni, anati anachitola pa Facebook. Tsambalo linatsegulidwa anthu onse akuona. Chithunzi choyambirira, chowala bwino, chinali pa dzina la mlembi wa nkhani ino, amene chaka chathacho anajambula nyumbayo kuti abale a ku Mangochi ndi a ku Joni aone, n'kulemba m'munsi mwake kuti Mulungu wamudalitsa ndi kanyumba kakekake. Panali ndemanga zambiri zomuyamikira, ina yofunsa mtengo wa malata, imene mlembiyo anaiyankha mwatsatanetsatane.

"Mwanawe, unamanga liti?" anafunsa gogo uja.

Ogamula anapeza kuti mwa onse otsatsa nyumba ya mwini popanda chilolezo, woyamba anali walendi, ndipo ndiye yekha amene sanapezepo kanthu. Mlembiyo amakhulupirirabe kuti chigamulocho chinaonetsa kuti iye si munthu wadyera. Madobadoba anauzidwa kufufuta zithunzi, ndipo anafufutadi, a secretário akuona, pafoni imodzi mwa ziwiri zimene aliyense amayenda nazo. Yoonera sinabwezedwe. Dobadoba anati nyumba anamuonetsa, ndipo palibe kasitomala wina amene anaiona bwino chotero, kunja ndi mkati momwe.

Njira zodzitetezera n'zodziwika, kungoti sizitsatidwa. Wofuna nyumba aonane ndi mwini wake maso ndi maso, afunse aneba ndi chefe do quarteirão (mkulu wa nyumba zoyandikana), asatumize ndalama pa chithunzi, ndipo pangano lilembedwe pamaso pa mboni. Mwini nyumba asankhe dobadoba mmodzi, alembe mtengo ndi gawo lake, poti mapanga awiri avumbwitsa. Wogula puloti akafike kukhonsolo kapena ku ofesi ya boma yoona za malo asanakonde mtengo wa mango. Zonsezi zimafuna kuyenda wapansi padzuwa la ku Cuamba, pamene foni ili m'thumba momwemu, ndipo m'pamene dobadoba amadyera.

Wopindula pa mlandu uja anali gogo. Anafika akudziwa kuti nyumba yake ndi ya 3,000, anabwerera atamva ndi makutu ake kuti pali anthu okonzeka kulipira 5,500. Pokhala munthu wachifundo anaika 4,500, mtengo umene walendi wake anali atauvomera kale pa WhatsApp, umboni uli pafoni. Analembanso pakhoma ndi penti yofiira kuti nyumbayo sikugulitsidwa ndipo sikuchititsidwa lendi. Madobadoba anajambula khomalo, n'kudula mawu okanawo.

Chithunzicho chikuyendabe. Chinaonekera komaliza pagulu lina la ku Mandimba chili tipo 5, pafupi ndi nyanja ya Amaramba, bulukulo litasanduka katani. Owerenga amene akumane nacho akudziwitsidwa kuti m'nyumbamo muli anthu, denga limathontha pakona ya kuchipinda, ndipo lendi ya mwezi watha inalipidwa theka.