Ulemu kwa Outbox, mlonda wosagona wa makalata

Pa antchito onse a mu ofesi, palibe amene amanyozedwa ngati Outbox ya mu Outlook. Anthu amaitukwana polowa ntchito, amaitukwananso poweruka, chikhalirecho yakhala ikutumikira osalandira ngakhale tambala kuyambira 1997, pomwe kampani ya Microsoft idatulutsa Outlook 97. Udindo wake ndi wochepa: kulandira imelo, kuisunga kamphindi, kenaka kuipereka ku seva. Koma nthawi zina kalata imaikomera mtima mpaka kukana kuimasula.

Siigwira kalata popanda chifukwa ayi. Mlembi akamata zithunzi zonse za ku msonkhano pa imelo imodzi, Outbox imadziwa zimene iye sadziwa: Gmail imaika malire pa 25 MB, komanso fayilo ikamatidwa pa imelo imafufuma ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Chikalata chonenepacho chimaima pakhomo, timakalata tonse tam'mbuyo n'kufola mwaulemu ngati odwala pa chipatala. Mlembi akati achifufute, Outlook imamuuza kuti yayamba kale kuchitumiza. Kuti chichoke, ayambe wadina Work Offline, achikokere ku Drafts, achepetse zithunzi. Ndani winanso angaphunzitse munthu kudekha chonchi?

Ndi mphunzitsinso waluso, wosalipiritsa fizi. Amayi amene sadapondeko m'kalasi ya zamakompyuta lero amatchula 0x800CCC0E osayang'ana papepala, ndipo amadziwa kuti tanthauzo lake n'lakuti pulogalamu yalephera kulumikizana ndi seva. Amadziwanso kuti makalata amatulukira pa khomo la 587 kapena 465, popeza makampani ambiri a intaneti adatseka khomo la 25 pofuna kuthana ndi otumiza maimelo achabechabe. Mu 2022 sukuluyi idalandira ophunzira ochuluka, Google italeka kulola mapulogalamu akale kulowa ndi pasiwedi yokha. Kabokosi kofunsa pasiwedi kankatulukira, munthu n'kulemba yolondola, iko n'kutulukiranso, osatopa, osakwiya.

Bwenzi lapamtima la Outbox ndi fayilo ya PST, mosungiramo makalata pa kompyuta. Kufikira Outlook 2002 inkadzadza ikafika 2 GB. Outlook 2003 idakweza malire kufika 20 GB, ya 2010 n'kufika 50 GB, koma alipo akuluakulu amene amaidzadzabe, poti sadatayeko imelo chilembedwere ntchito. Ndipo PST ndi yokhulupirika zedi: ngakhale mwini wake afufute makalata chikwi, iyo siphwa msanga mpaka wina adine Compact Now. Magetsi akathima mwadzidzidzi ili mkati molemba, imatha kuwonongeka. Mankhwala ake alipo, kapulogalamu kotchedwa scanpst.exe, kamene Microsoft idakabisa mkatikati mwa mafoda a Office kuti wokapeza amve kuti wagwiradi ntchito. Zimene kapulumutsa kamakaziunjika mu foda ya Lost and Found, mwini wake asankhe yekha.

Achimwene a IT, tisabise, ndiwo zawo zimachokera pomwepa. Amafika, amafunsa ngati bwana ayesa kuzimitsa n'kuyatsanso, amatsegula Outlook mu Safe Mode kuti aone ngati si tizowonjezera tikusokoneza, n'kupeza kuti wina adadina Work Offline ndi chigongono sabata yatha.

Koma mphatso yaikulu ya Outbox ndi mawu aja akuti "Ndatumiza kalekale, bwana." Popanda Outbox mawuwa akadakhala bodza lankunkhuniza. Chifukwa cha iyo ndi oona ndithu: mlembi adadinadi Send, lipoti lidachokadi m'manja mwake, kungoti silidatuluke m'kompyuta. Palibe wonama, palibe wolakwa, tsiku lomaliza lopereka lipoti langodutsa lokha.

Zimavuta pamene achimwene aja akonza. Makalata onse amene mlondayu ankawasunga amatuluka nthawi imodzi: lipoti lochedwa, pempho la tchuthi chimene chidatha kale, ndi ija mlembi adalembera abwana Lachisanu madzulo mtima uli m'mwamba, imene Lolemba adathokoza Mulungu kuti siidapite.