Mnyamata wa ku Asmara ndi miyendo ya ku Malambo

Chifikireni dzina la Biniam Girmay m'mafoni athu, aliyense m'boma la Mambwe wasanduka katswiri wa mipikisano ya njinga. Pamsika ku Mfuwe, pomatira machubu ku Masumba, ngakhale pamzere wa pachigayo kwa Jumbe, takangana kale mpaka mawu kusasa.

Ena akulumbira kuti mnyamata wa ku Eritrea ameneyu anatenga chikho cha Tour de France chonse. Anzawo akuti sanapate kanthu, poti malaya achikasu a wopambana mpikisano wonse sanawavale. Onsewa agwira mbali imodzi yokha. Mu 2024 achikasuwo anapita kwa Tadej Pogačar, koma Girmay anapambana zigawo 3 mwa 21, kuyambira cha ku Turin, n'kubwerera kwawo ndi malaya obiriwira a wokolola mapointi ochuluka. Munthu wakuda wa mu Africa anali asanapambanepo chigawo ndi chimodzi chomwe mumpikisanowu. Amene akuti n'zochepa ayambe apalasa milungu itatu, makilomita pafupifupi 3,500, ndiyeno tidzakambirane.

Nkhani ya diso ndiye yakula koposa. Mu Meyi 2022, atangopambana chigawo cha Giro d'Italia ku Jesi, chotsekera botolo la vinyo chinamuthudzukira m'diso pa nsanja yolandirira mphoto, ndipo mpikisanowo anausiyira pomwepo. Ena akuti panali dzanja la munthu, poti miyezi iwiri m'mbuyomo anali atagonjetsa akatswiri a ku Belgium kwawo komwe pa Gent-Wevelgem. Ena akuti ndi botolo basi. Pamenepa tili ndi achiwiriwa: dziko lonse linaona iye mwini akuweramira botololo, ndipo diso linachira.

Koma mkangano weniweni ndi uwu: kodi ife tikanamusiya? Alipo amene akuti atapatsidwa njinga ya Buffalo ya keriyala, matumba atatu a makala kumbuyo, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, Girmay sangafike n'komwe pa Masumba. Ena akuwonjeza kuti liwiro lenileni limaoneka njovu ikatulukira pamsewu wa ku Mfuwe madzulo, ndipo amene anaithawapo saopa mzungu aliyense. Timaseka, komatu mawuwa ali ndi nzeru yake. Miyendo ya kuno ku Malambo si yamasewera. Yanyamula thonje, yafikitsa odwala ku chipatala cha Kamoto, yakwera zitunda za msewu wa ku Chipata katundu ali pambuyo.

Otsutsa akuti chinsinsi ndi mpweya. Asmara, kwawo kwa Girmay, ali pamtunda wa mamita oposa 2,300, pamene ife tili pansi m'chigwa, ndiye mapapo awo amakula mozolowera mpweya wochepa. N'zoona ndithu. Ena akuti ndi njinga yakeyo, yopepuka moti mwana angainyamule ndi dzanja limodzi, ndipo ochepa akunong'ona kuti muli injini yobisika. Za injinizo tizisiye, njinga zimenezi amazipima. Kupepukako n'koona, koma njinga siipalasa yokha.

Chimene ambiri akudumpha n'chakuti Girmay sanamere ngati bowa. Njinga zinafika ku Eritrea ndi atsamunda a ku Italy, ndipo anthu akumeneko anazisandutsa masewero a dziko lonse. Ku Asmara amatseka misewu kuti achinyamata apikisane, khamu likuchemerera. Daniel Teklehaimanot anali atavala kale malaya a madontho ofiira a wokwera mapiri mu Tour de France ya 2015. Girmay, wobadwa mu 2000, anakula akuona zimenezo, ndipo mu 2018 anapita kukasulidwa ku Aigle, m'dziko la Switzerland, kumalo ophunzitsira a bungwe loyendetsa mipikisano ya njinga la UCI.

Nanga ife? Fakitale ya njinga za Eagle inali pa Chipata pompa, ndipo mudzi wopanda njinga kuno kulibe. Komabe mwana wothamanga timangomuuza kuti, "Iwe, udzathyola sipoko!" n'kumutuma kuchigayo.

Chigamulo chathu nachi: amene akuti miyendo tili nayo akunena zoona, amene akuti tikanamusiya afulumira. Palibe anayesapo ndi wotchi. Aphunzitsi, mafumu athu ndi eni malo ogona alendo, tikonzereni mpikisano umodzi pachaka, kuchokera ku Mfuwe mpaka kwa Jumbe, wa anyamata ndi atsikana omwe, m'mawa wa mu Juni kusanatenthe. Msewu wa tala ulipo kale.